Kuona Zam'kati mwa Selo la Khansa ndi Kuwala kwa Infrared: Mafunso ndi Mayankho

Anthu a ku Ulónguè, Furancungo, Moatize ndi mumzinda wa Tete akhala akumva kuti asayansi tsopano akutha kujambula zimene zili m'kati mwa selo limodzi la khansa (maselo ndi tizigawo ting'onoting'ono tamoyo timene timapanga thupi), n'kuona pamene pali mafuta, pamene pali mapuloteni ndi pamene pali shuga, popanda kuthirapo utoto uliwonse. Nkhaniyi ndi yoona. Koma ikafika kumudzi imafika itasakanizika ndi zina, ndipo alipo amene akudyera anthu odwala m'dzina la makina oterewa. M'munsimu muli mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri.

Kodi infrared ndi chiyani?

Ndi kuwala kumene maso athu sakuona. Kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo diso la munthu limagwira mafunde otalika kuyambira ma nanometre 400 kufika pafupifupi 700. Nanometre ndi kagawo kamodzi mukagawa milimita imodzi ka 1,000,000. Mafunde akatalika kupitirira a mtundu wofiira, diso limasiya kuona, koma kuwalako kumakhala kulipo ndithu.

Anatulukira zimenezi ndi William Herschel ku England m'chaka cha 1800. Iye anadutsitsa kuwala kwa dzuwa pagalasi la ngodya zitatu kuti kugawike m'mitundu ya utawaleza, n'kuika choyezera kutentha pa mtundu uliwonse. Atachisunthira kuseri kwa mtundu wofiira, pamalo pamene pamaoneka kuti palibe kanthu, kutentha kunakwera kuposa pena paliponse.

Mukhoza kukuona kunyumba kwanu. Lozetsani rimoti ya TV pa kamera ya foni n'kudina batani: mafoni ambiri amaonetsa kadontho kotuwa kapena kapepo kakuthwanima kutsogolo kwa rimoti, pamene diso lanu silikuona kalikonse. Timakina tija tinkatiloza pachipumi pa malire a Zóbuè ndi Calómuè nthawi ya Covid-19 natonso tinkawerenga infrared yochokera pakhungu lathu.

Nanga kuwala kungadziwe bwanji kuti apa pali mafuta, apo pali puloteni?

Chilichonse m'thupi chinapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono zedi totchedwa maatomu, tolumikizana m'timagulu totchedwa mamolekyu: carbon ndi oxygen, carbon ndi hydrogen, phosphorus ndi oxygen, ndi ena otero. Maatomu olumikizanawo sakhala chete. Amanjenjemera, kutalikirana ndi kuyandikirana, ndipo mgwirizano uliwonse uli ndi liwiro lakelake malinga ndi kulemera kwa maatomuwo komanso kulimba kwa cholumikiza chawo. Kuwala kwa infrared kukafika ndi liwiro lofanana ndi kunjenjemerako, molekyuyo imakumeza. Kukafika ndi liwiro losiyana, kumangodutsa.

Munthu wokulira kudambwe akamva ng'oma zikulira kutsidya kwa mtsinje amadziwa kuti iyi ndi mbalule, iyo ndi mpanje, ngakhale sakuziona. Makina a infrared amachita chimodzimodzi ndi mamolekyu: amawazindikira ndi kaliridwe kawo.

Asayansi amayeza kaliridweko ndi nambala yolembedwa cm⁻¹, kutanthauza kuchuluka kwa mafunde amene akukwana mu sentimita imodzi. Mapuloteni amameza kwambiri pa 1650 ndi pafupi ndi 1545. Mafuta amaonekera pa 1740, komanso pa 2850 ndi 2920. Mbali ya phosphate ya DNA ndi RNA imaonekera pafupi ndi 1080 ndi 1240. Glycogen, shuga amene selo limasunga ngati nkhokwe, amaonekera pafupi ndi 1030. Nambala ya 1650 ija ikutanthauza kuti carbon ndi oxygen za m'puloteni zikunjenjemera pafupifupi ka 50 thiriliyoni pa sekondi imodzi. Chigawo cha pakati pa 900 ndi 1800 ndi chimene chimanyamula zambiri zokhudza selo, moti akatswiri amachitenga ngati chidindo cha chala cha molekyu iliyonse. William Coblentz wa ku America anasindikiza kale m'chaka cha 1905 kamezedwe ka infrared ka zinthu zambirimbiri, ndipo kuyambira pamenepo akatswiri a chemistry akhala akudalira njirayi pozindikira zinthu.

Panopa madokotala amadziwa bwanji kuti chotupa ndi khansa?

Amadula kachidutswa ka mnofu, kaya ndi singano yokhala ndi mphako kaya ndi mpeni wa opaleshoni, n'kukaponya m'kabotolo ka formalin kuti kasaole. Ku labu amakachotsa madzi ndi mowa waukali, kenako amakamiza m'phula losungunuka la parafini. Phulalo likauma limakhala kabuloko koyera kokwana m'dzanja, kamnofu kali pakati. Makina okhala ndi lumo lakuthwa kwambiri amasenga kabulokoko m'tizigawo ta ma micrometre 3 mpaka 5. Micrometre ndi milimita yogawidwa ka 1,000, ndipo tsitsi limodzi la munthu limanenepa ma micrometre 50 mpaka 100. Kachigawoko amakayandamitsa pamadzi ofunda kuti makwinya aongoke, n'kukawola ndi kagalasi.

Pamenepo kamakhala koonekera mkati ngati madzi, sungaonemo kanthu. Ndiye amakanyika m'mitundu iwiri ya utoto. Haematoxylin, wochokera ku mtengo wina wa ku Central America, amadetsa phata la selo kukhala labuluu mopita ku pepo. Eosin amapatsa mbali zotsala mtundu wapinki. Dokotala wa matenda a m'minofu amayang'ana pa maikulosikopu: kodi phata lakula mopitirira? Kodi maselo asokonekera mizere yawo? Kodi aboola malire n'kulowa m'mnofu wa pansi?

Njirayi yagwira ntchito kwa zaka zoposa 100 ndipo ndi imene dziko lonse likudalirabe. Ndimailemekeza kwambiri. Koma imaonetsa maonekedwe, osati zimene selo lapangidwa nazo, ndipo imafuna diso la katswiri amene anaphunzira zaka zambiri. Akatswiri oterowo ndi ochepa m'dziko lathu lino la Mozambique.

Selo la khansa limasiyana bwanji ndi labwino m'kati mwake?

Selo la khansa limagawikana mosalekeza, choncho limafuna zomangira zambiri. M'zaka za m'ma 1920, Otto Warburg wa ku Germany anaona kuti maselo a zotupa amameza shuga wochuluka kwambiri n'kumusandutsa lactic acid ngakhale mpweya wa oxygen ulipo wokwanira. Pambuyo pake kunadziwika kuti makhansa ambiri amadzipangira okha mafuta, ena n'kuwaunjika m'timadontho m'kati mwa selo. Phata nalo nthawi zambiri limakula, DNA ndi RNA zimachuluka poyerekeza ndi zina, ndipo ulusi wa collagen, puloteni yolimbitsa mnofu, wozungulira chotupa umayalidwa mwachilendo.

Chitsanzo chotiyandikira ndi khomo la chiberekero. Maselo abwino a pakhomopo amasunga glycogen wambiri, pamene maselo amene ayamba kusintha amakhala naye wochepa. N'chifukwa chake namwino akapaka ayodini wa Lugol, malo abwino amada bii ngati khofi, malo okayikitsa n'kutsala achikasu. Mayesowa amatchedwa ndi dzina la dokotala Walter Schiller wa ku Vienna. M'chaka cha 1991, Patrick Wong wa ku Canada ndi anzake anasindikiza zotsatira zoonetsa kuti infrared imaona kusiyana komweko: m'maselo a khansa ya khomo la chiberekero, chizindikiro cha glycogen chinali chitatsika kwambiri ndipo cha phosphate chinali chitasintha. Zimene ayodini amaonetsa ndi mtundu, infrared imazionetsa ndi nambala, ndipo imaonetsa zinthu zingapo nthawi imodzi.

Ngati zinadziwika kalekale, bwanji nkhaniyi ikumveka tsopano?

Panali zopinga ziwiri zikuluzikulu.

Choyamba ndi kutalika kwa mafunde. M'chaka cha 1873, Ernst Abbe wa ku Jena anaonetsa kuti maikulosikopu singalekanitse tinthu tiwiri toyandikana kuposa pafupifupi theka la kutalika kwa funde la kuwala kumene ikugwiritsa ntchito. Ndi kuwala kooneka, malirewo ali pafupi ndi ma nanometre 200. Koma funde limene puloteni imameza ndi lalitali ma micrometre 6, ndipo la DNA limapitirira 9. Kuwonjezera apo, magalasi a infrared sasonkhanitsa kuwala bwino ngati a maikulosikopu wamba. Mapeto ake, makina akale oyezera kamezedwe ka infrared, otchedwa FTIR, ankaona kadontho ka ma micrometre 5 mpaka 10 kapena kuposerapo. Selo la munthu nthawi zambiri limakhala la ma micrometre 10 mpaka 20. Ndiye selo lonse linkangotuluka ngati timabanga tiwiri kapena titatu tosaoneka bwino. Phata, timadontho ta mafuta ndi mitochondria (tiziwalo topangira mphamvu m'selo), zimene zina sizifika n'komwe micrometre imodzi, zonse zinkasakanizika m'banga limodzi.

Chachiwiri ndi madzi. Madzi amameza infrared mwamphamvu pafupi ndi 1640, pamalo omwewo pamene puloteni imaonekera. Popeza selo lamoyo ndi madzi pafupifupi 70 peresenti, ofufuza ankayenera kuliumitsa kaye, kapena kulifinya pakati pa timagalasi totalikirana ma micrometre osakwana 10. Ngakhale galasi wamba limameza mbali yaikulu ya infrared imeneyi, moti ankagula timagalasi todula ta calcium fluoride kapena barium fluoride.

Ndiye anazilambalala bwanji zopingazo?

Nzeru yake ndi yosangalatsa. Anasiya kuyesa kuona ndi infrared yeniyeniyo. M'malo mwake amaigwiritsa ntchito kutenthetsa molekyu, n'kuona kutenthako ndi chida china chakuthwa kwambiri.

Poyamba panafunika gwero lamphamvu la kuwala. M'chaka cha 1994, ku Bell Labs ku America, Jérôme Faist, Federico Capasso ndi anzawo anapanga leza (laser, nyale ya kuwala kolunjika pamalo amodzi) yotchedwa quantum cascade. Ndi kachipangizo kakang'ono kamene kamatulutsa infrared yowala kwambiri, ndipo mitundu yake ya masiku ano mungaitchere pa nambala imene mukufuna, kaya 1650 ya puloteni kaya 1740 ya mafuta. Izi zisanafalikire, ofuna infrared yowala kwambiri ankapita ku makina aakulu otchedwa synchrotron, monga SOLEIL ya ku France kapena Diamond ya ku England, amene ndi nyumba zozungulira za mamita mazanamazana.

Njira yoyamba inachokera ku France m'chaka cha 2005, kwa Alexandre Dazzi wa pa yunivesite ya Paris-Sud. Amaika kansonga kakuthwa kwambiri, ka ma nanometre makumi ochepa, kuti kakhudze pamwamba pa selo. Leza ikathwanima, malo amene ameza kuwala amatentha pang'ono n'kufufuma kwa kanthawi kochepa zedi. Kufufumako kumakankha kansonga kaja, ndipo makina amayeza kugwedezeka kwake. Kansongako kamayenda mzere ndi mzere mpaka chithunzi chithe. Njirayi, yotchedwa AFM-IR, imalekanitsa tinthu ta ma nanometre makumi angapo, koma imachedwa ndipo imakonda zinthu zouma ndi zopyapyala.

Njira yachiwiri ndi imene yatsegula khomo la maselo amoyo. Pamalo amodzi pamaunikidwa maleza awiri: ya infrared yothwanimathwanima, ndi ina yooneka ndi maso, kawirikawiri yobiriwira ya ma nanometre 532. Molekyu ikameza infrared n'kutentha, kadera kakang'onoko kamasintha mmene kamakhotetsera kuwala, monga mpweya wotentha umachitira pamwamba pa phula la msewu masana a mwezi wa Okutobala. Leza yobiriwira ija imasokonezeka pang'ono nthawi iliyonse infrared ikathwanima, ndipo makina amasefa kusinthako. Popeza leza yobiriwira imatha kusongoka mpaka kadontho kosakwana micrometre imodzi, chithunzi chimatuluka chakuthwa ngati cha maikulosikopu wamba, pafupifupi ma nanometre 300 mpaka 600, koma uthenga wake ndi wa infrared. Gulu la Ji-Xin Cheng, pa nthawiyo ku yunivesite ya Purdue, linasindikiza zithunzi za maselo amoyo zojambulidwa motere m'chaka cha 2016, ndipo tsopano makina amtunduwu amagulitsidwa ndi dzina loti O-PTIR. Madzi amavutitsabe, koma osati monga kale, chifukwa mafuta ndi mapuloteni amapereka chizindikiro champhamvu m'njirayi poyerekeza ndi madzi.

Kuona tinthu ting'onoting'ono chonchi kumapindulitsa chiyani?

Chotupa chimodzi sichikhala ndi maselo ofanana onse. Ena amafa msanga ndi mankhwala, ena amapirira, ndipo opirirawo ndi amene amadzabweretsanso matenda patapita miyezi. Mukagaya chotupa chonse n'kuyeza, mumapeza chiwerengero chapakatikati chimene chimabisa maselo ochepa oopsawo. Kujambula selo lililonse palokha kumathandiza ofufuza kuona kuti opirirawo ali ndi chiyani chachilendo, mwachitsanzo ngati asunga mafuta ambiri kapena a mtundu wina.

Palinso mwayi wina. Pa manambala a cm⁻¹ aja, pakati pa 1800 ndi 2700, zinthu zachilengedwe za m'selo sizimeza kanthu kwenikweni. Ofufuza amadyetsa maselo shuga kapena mafuta amene hydrogen wake wasinthidwa ndi deuterium, hydrogen wolemera. Carbon yolumikizana ndi deuterium imaonekera pafupi ndi 2100 mpaka 2200, pamalo opanda phokoso lina. Potero amatha kutsatira chakudyacho n'kuona kumene selo lachipititsa ndi zimene lamanga nacho. Mankhwala ena a khansa nawonso ali ndi zizindikiro zawozawo, moti n'zotheka kufufuza ngati alowadi m'selo ndi pamene aunjikana. Njira zakale zinkafuna kumangirira utoto wonyezimira pa molekyu, ndipo utotowo nthawi zina umakula kuposa molekyu imene ukutsatira, n'kusintha khalidwe lake.

Chithunzi chake chimaoneka bwanji? Ndi mitundu yeniyeni?

Ayi. Kadontho kalikonse ka chithunzi kamanyamula mndandanda wa manambala, ndipo kompyuta ndi imene imapaka mitundu: mwina chofiira pa mafuta, chobiriwira pa puloteni, malinga ndi zimene wofufuza wasankha.

Kompyuta ikhoza kuphunzitsidwanso. Katswiri amalemba pa zitsanzo zambiri kuti apa ndi khansa, apa ndi mnofu wabwino, apa ndi mtsempha wa magazi, ndipo pulogalamu imaphunzira manambala a malo aliwonse. M'chaka cha 2005, gulu la ku National Institutes of Health ku America, mmene munali Rohit Bhargava ndi Ira Levin, linaonetsa kuti njirayi ingasiyanitse mitundu ya maselo m'minofu ya prostate, kachiwalo ka abambo kokhala pansi pa chikhodzodzo, popanda utoto. Bhargava wapitiriza ntchitoyi ku yunivesite ya Illinois.

Apa ndi pamene mtima wanga suli m'malo. Kompyuta imadziwa zokhazo zimene yaonetsedwa. Kafukufuku wambiri wachitika pa minofu ya odwala a ku Ulaya ndi America, pa khansa ya bere, prostate, matumbo ndi mapapo. Kwathu kuno tikulimbana kwambiri ndi khansa ya khomo la chiberekero, Kaposi sarcoma imene imayenda ndi HIV, khansa ya chiwindi, ya kummero, ndi Burkitt lymphoma ya ana. Ndiponso mnofu umene wakhala masiku ambiri m'formalin, ukuyenda pa kutentha kwa Tete, sufanana kwenikweni ndi umene unakonzedwa tsiku lomwelo. Pulogalamu yosayesedwa pa zitsanzo zathu siyenera kukhulupiriridwa pa odwala athu.

Kodi makinawa amaunika munthu ali moyo, monga X-ray?

Ayi. Infrared ya mtundu umenewu imathera pa ma micrometre makumi ochepa m'mnofu wonyowa, moti singadutse ngakhale khungu. Imagwira ntchito pa kachidutswa kodulidwa kale kapena pa maselo oweteredwa m'mbale ya labu.

Kumsika kunabwera anthu ndi makina oti amaona khansa ndi infrared thupi lonse. Ndi omwewa?

Si omwewa, ndipo chonde musawapatse ndalama zanu. Ena amakugwiritsani kachitsulo m'manja, laputopu n'kutulutsa pepala lodzaza matenda, kenako n'kukugulitsani mabotolo a mankhwala. Kachitsulo ka m'manja sikangaone selo. Ena amagwiritsa ntchito kamera yoona kutentha, imene imajambuladi infrared, koma yongochokera pakhungu. Kamerayo imaonetsa malo ofunda ndi ozizira basi. Bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi zida za chipatala ku America, lachenjeza kangapo kuti kujambula kutentha sikungalowe m'malo mwa mammogram, X-ray ya bere, pofufuza khansa ya bere.

Choipa chachikulu si ndalama zotayikazo. Mayi wa chotupa chenicheni akauzidwa kuti ali bwino, amabwerera kumunda n'kudzafika kuchipatala matenda atafalikira. Wina wopanda vuto akauzidwa kuti ali ndi khansa, banja limagulitsa mbuzi ndi mbatata zonse za chaka chimenecho pogula mabotolo opanda pake.

Kodi infrared imachiza khansa? Nanga ingayambitse khansa?

Njira zimene tikukambazi n'zoonera, si zochizira. Infrared ilibe mphamvu yothyola DNA monga X-ray kapena kuwala kwa ultraviolet. Imangotenthetsa. Nyale zofiira zimene ena amagulitsa zingafunditse msana wowawa, koma chotupa sizichichotsa.

Makinawa afika liti m'zipatala zathu?

Ngakhale ku mayiko olemera, kujambula kumeneku kukadali m'malabu a kafukufuku. Chigamulo choti munthu ali ndi khansa chimaperekedwabe ndi dokotala woyang'ana kagalasi kopakidwa utoto. Njira yatsopano isanaloledwe pa odwala imayenera kuyesedwa m'zipatala zambiri, pa anthu ambiri, n'kuonetsa kuti siphonya kuposa yakale.

Zofuna zake nazonso n'zambiri. Pamafunika magetsi osazimazima, chipinda chozizira chopanda fumbi, tebulo losagwedezeka, ndi mpweya wouma wopopera m'makina chifukwa chinyezi cha mumlengalenga chimameza infrared. Makina ena amafuna nitrogen wamadzi wozizira mpaka -196 °C. Ndipo mu Africa monse mulibe synchrotron ndi imodzi yomwe. Yotiyandikira kumpoto ndi SESAME ya ku Jordan, imene inatsegulidwa m'chaka cha 2017. Komabe FTIR wamba, yokwana patebulo, si yachilendo: malabu a mayunivesite ndi a mafakitale amaigwiritsa ntchito poyeza oyilo wa injini, mankhwala ndi dothi.

Ndiye ife a ku Tete nkhaniyi ikutikhudza pati?

Ikutikhudza pa kudikira. Malabu akuluakulu oyeza minofu m'dziko lino akhala ali m'zipatala zazikulu za Maputo, Beira ndi Nampula. Kuchokera mumzinda wa Tete kupita ku Beira ndi makilomita pafupifupi 600, ndipo ku Maputo ndi opitirira 1,500. Kwa munthu wa ku Tsangano kapena Chifunde, wonjezeraninso ulendo wa pa chapa wofika kuchipatala cha chigawo. Chithandizo chowotcha chotupa ndi cheza chinayamba ku Hospital Central de Maputo m'chaka cha 2019, koma munthu sangatumizidwe kumeneko popanda pepala lotsimikiza mtundu wa khansa yake. Sabata iliyonse yodikira pepalalo, chotupa chimakhala chikukula.

Chithunzi cha infrared ndi manambala okhaokha, ndipo manambala amayenda pa intaneti. Ngati tsiku lina patapezeka makina otsika mtengo ndi olimba, otha kusankha zitsanzo zofunika kuonedwa mwachangu n'kuzitumiza kwa katswiri ali kutali, phindu lake lingakule kuno kuposa ku London kumene akatswiri ali pakhomo. Sindikuganiza kuti makina akuthwa kwambiri aja ndi amene adzafike kuno. Ntchito yawo ndi kuphunzitsa asayansi manambala ochepa ofunika kwambiri, kuti makina osavuta adzayeze okhawo. Ophunzira a UniZambeze, ku sukulu ya zaumoyo ya ku Tete, akuyenera kuidziwa nkhaniyi kuyambira pano, ndipo wachinyamata wokonda chemistry, physics ndi kompyuta pamodzi ali ndi malo m'ntchito imeneyi.

Amayi anga akutaya magazi pamene anasiya kale kusamba. Tidikire njira zatsopanozi?

Musadikire ngakhale sabata. Apititseni kuchipatala chapafupi, ndipo pitani nawo inuyo kuti asachite manyazi kufotokoza. Kutaya magazi munthu atasiya kusamba, kutuluka magazi pambuyo pogonana, chikazi chonunkha chosatha, chotupa m'bere, zigamba zakuda pamiyendo kapena m'kamwa, ndi kuvutika kumeza, zonsezi n'zofunika kuonedwa msanga.

Kuyeza khomo la chiberekero kumene kumachitika m'zipatala zambiri n'kwa mphindi zochepa. Namwino amalowetsa kachida kotsegulira, amapaka viniga wa 3 mpaka 5 peresenti ndi thonje, n'kudikira mphindi imodzi akuunika ndi nyale. Malo amene ayamba kusintha amayera mbuu. Ngati ndi aang'ono ndipo sanafike pa khansa, amatha kuwaumitsa ndi kuzizira kapena kuwawotcha ndi kachida kotentha, nthawi zina tsiku lomwelo. Ngati akukayikitsa, amadula kachidutswa kuti kakayezedwe. Mukafika pamenepo, funsani tsiku lobwera kudzamva zotsatira, siyani nambala ya foni yogwira, ndipo tsikulo likadutsa muli chete pitani mukafunse.

Khansa ya khomo la chiberekero ndi imene imagwira amayi ambiri m'Mozambique. Imayamba ndi kachilombo ka HPV, ndipo mitundu iwiri yokha, 16 ndi 18, imayambitsa pafupifupi 70 peresenti ya odwala onse. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mayi amene ali ndi HIV ali pa chiopsezo chochuluka ka 6, choncho amene akumwa ma ARV aziyezetsa pafupipafupi monga anamwino awauzira. Katemera wa HPV analowa m'ndondomeko ya dziko lino m'chaka cha 2021, kuyambira ndi atsikana a zaka 9. Ngati muli ndi mdzukulu wa msinkhu umenewo, kafunseni za katemerayu pa ulendo womwewo.

Kachidutswa kamene anandidula kamapita kuti? Angakagwiritse ntchito pa kafukufuku ine osadziwa?

Akamaliza kuyeza, kabuloko ka phula kaja kamasungidwa ndi nambala yanu, ndipo kamatha kukhala zaka zambiri osaonongeka. Ofufuza a infrared amakonda mabuloko akale oterewa chifukwa zimadziwika kale kuti wodwalayo zinamuthera bwanji, moti angafufuze ngati manambala a m'selo akanatha kulosera zimenezo. Amasenga kachigawo katsopano, n'kusungunula phulalo ndi mankhwala kapena kulichotsa ndi kompyuta, popeza nalo limameza infrared. Popeza njirayi sipaka utoto, kachigawo komweko kangathe kupakidwa utoto pambuyo pake kuti zithunzi ziwirizo zifananizidwe.

Funso lanu la chilolezo lili ndi mbiri yowawa. M'chaka cha 1951, pa chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore, madokotala anatenga maselo pa chotupa cha khomo la chiberekero cha mayi wachikuda Henrietta Lacks osamupempha. Iye anamwalira chaka chomwecho ali ndi zaka 31, koma maselo ake, otchedwa HeLa, akuswanabe m'malabu a dziko lonse, ndipo ndi ena mwa amene amajambulidwa kawirikawiri ndi makina a infrared amenewa. Banja lake linadziwa patapita zaka zoposa 20.

Masiku ano kafukufuku wokhudza anthu m'Mozambique amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa odwala, ndipo yaikulu yake ndi Comité Nacional de Bioética para a Saúde. Pa zitsanzo zakale, komitiyo ndi imene imagamula ngati zingagwiritsidwe ntchito mayina atachotsedwa. Akakupemphani kulowa m'kafukufuku, muli ndi ufulu woti akufotokozereni m'Chinyanja kapena m'Chinyungwe musanasaine kapena kudinda chala, wofunsa ngati mnofu wanu utuluke kunja kwa dziko ndi amene adzausunge, wotenga pepalalo kupita nalo kunyumba kuti mukakambirane ndi abale, komanso wokana popanda kuchotseredwa chithandizo chilichonse.